ANabesi ndi Mwini Sitolo ya Mipando

Mkati mwa sabata simungadziwe kuti aNabesi ndi woimba. Amadzuka, kuperekeza mwana wawo wamkazi kusukulu, kenako n'kukhala pa kadesiki kamene anakapanikiza pakati pa wadirobu ndi zenera. Pamenepo pali laputopu, sikirini yaikulu yosanjika pa mabuku kuti ikwereko, ndi kapu ya tiyi imene imazizira asanaimwe. Ntchito yawo ndi yokonza mawebusaiti. Wabizinesi akafuna kuti katundu wake azioneka pa intaneti, iwo ndi amene amamanga tsambalo, kuikapo zithunzi, mitengo, ndi batani loti wogula adine.

Apongozi awo aakazi, amene amakhala nawo nyumba imodzi, anasiya kale kufunsa kuti ntchitoyo imayenda bwanji. Alendo akabwera amangowanong'oneza kuti, "Mpongozi wanga ali mkatimo, akucheza ndi makina. Musamusokoneze. Akuti akaiwala kadontho kamodzi, zonse zimagwa."

Dzina loti Nabesi si lobadwa nalo. Linachokera ku gitala ya besi yofiirira imene imatsamira kuseri kwa chitseko. Loweruka masana amaimba ndi anzawo atatu pabwalo la malo ena odyera. Woimba mawu ndi namwino, wagitala ina ndi mphunzitsi wa masamu, ndipo wang'oma ndi wometa tsitsi. Wometayo ndi amene anawapatsa dzinalo, ndipo linamera mizu moti ngakhale amuna awo amaitana kuchokera kukhitchini kuti, "ANabesi, madzi awira kuno!"

Mwa makasitomala awo onse, wovutitsitsa anali mwini sitolo ya mipando, bambo amene anali asanaonanepo naye maso ndi maso. Zonse ankakambirana pafoni. Bamboyo sankalemba uthenga, ankangoimba, ndipo moni ankauona ngati kutaya nthawi.

"Mayi, buluu uyu si buluu ndinanena uja."

Tsiku lina: "Chithunzi cha sofa chikule, koma chisadye malo."

ANabesi ankayankha kuti, "Chabwino abwana," akadula foni n'kuluma pensulo.

Loweruka lina bwalo linadzaza kuposa masiku onse. Matebulo a pansi pa maambulera anatha, ena anakhala pa kakhoma ka maluwa, ana akuthamanga pakati pa mipando. Amuna awo a aNabesi anabwera ndi mayi awo ndi mwana, n'kukhala chakutsogolo. ANabesi anaima pamalo awo a nthawi zonse, kumbuyo pafupi ndi ng'oma, nsapato atavula. Iwo amati besi siimveka bwino ndi makutu, imamveka ndi mapazi. Tsiku limenelo zala zinkangoyenda zokha. Wometa akamenya, iwo amakhala afika kale pomwepo, awiriwo n'kumangomwetulirana ngati ana amene abisa chinthu.

Atapumulira, foni inanjenjemera m'thumba. Ataona amene akuimba, anapumira m'mwamba.

"Mayi, tsamba lija lapenga," anatero mwini sitolo. "Munthu akadina sofa, pakubwera bedi. Akadina bedi, pakubwera tebulo. Akazi anga angozionera okha pafoni yawo."

"Ndili kunja pang'ono abwana, koma laputopu ndili nayo. Musadule."

Anaitulutsa m'chikwama n'kuiika pamwamba pa sipika, gitala idakali paphewa, foni ataipanikiza pakati pa khutu ndi phewa linalo. Vuto silinali lalikulu. Wina wa kusitolo anali ataika zithunzi zatsopano m'mawa n'kuzisinthanitsa mayina. Akuzibwezera m'malo mwake, wometa, amene manja ake sadziwa kupuma, anayamba kuseweretsa timitengo, mapeto ake n'kumenya mbale yachitsulo ya ng'oma. Inalira kuti tshaaa!

Kufoni mwini sitolo anafunsa modabwa.

"Mayi, muli kuti?"

"Pamalo ena aphokoso pang'ono, abwana. Pepani."

"Ndikufunsa chifukwa chitsulo chimenecho ndachimva kawiri. M'foni muno, komanso kumbuyo kwangaku."

ANabesi anadzutsa mutu. Pa tebulo la pakona, bambo wina wamtali, wadazi, wa jekete yomangidwa mabatani onse, anali kudzuka pang'onopang'ono, foni ili kukhutu. Maso awo anakumana. Palibe amene anadula.

"Ndinu opanda nsapatowo?" anafunsa bamboyo, mawu akudzera m'foni.

"Ndine ndemwe, abwana."

Woyamba kufika pa siteji sanali bamboyo koma akazi ake, mayi wamfupi wa chipewa chachikulu, akuseka mpaka misozi. Anagwira aNabesi dzanja ndi manja awiri.

"Ndiye ndinu amene bambowa amakusowetsani mtendere? Pepani mwanawe. Ine ndinazolowera, inunso muzolowera. Komatu chiyambireni nyimbo yoyamba akhala akundigwedeza mkono, ati wabesiyo akudziwa chimene akuchita."

Bamboyo anafika kumbuyo kwawo n'kutsokomola. "Ndinangoti sakuthamanga. Ambiri amathamanga."

"Musawaone chonchi," anapitiriza mayiwo. "Awa ankaimba lipenga. Ine ndinawakonda ali pa siteji, tsitsi lili lonse. Lipengalo lilipo mpaka lero, likudya fumbi pansi pa bedi."

"Amayi, anthuwa ali pantchito," anatero bamboyo.

ANabesi anatembenuza laputopu. "Zatheka abwana. Sofa wabwerera kukhala sofa."

Bamboyo sanayang'ane n'komwe sikirini. Maso ake anali pa zingwe za gitala. Kenako anafunsa, mawu atatsika, "Muli nayo yapang'onopang'ono? Yoti munthu wa mawondo ngati angawa n'kuvina?"

Namwino anati ilipo. Anayamba ndi besi yokha, aNabesi akuiyendetsa mofatsa, ng'oma n'kulowa chapansipansi. Mwini sitolo anamasula batani limodzi la jekete, natenga akazi ake n'kupita nawo pakati pa bwalo. Ankavina mowongoka, nkhope ili ngati akuwerenga risiti, koma mapazi sankaphonya. Mayiwo chipewa chinagwa, sanachitole. Anthu anayamba kudzuka awiriawiri. Apongozi a aNabesi, amene kunyumba amadandaula msana tsiku ndi tsiku, anakoka mdzukulu wawo n'kulowa nawo m'gulu. Amuna a aNabesi ankajambula ndi foni, koma ankagwedezeka kwambiri moti kanemayo anangotuluka maambulera ndi mitambo.

Nyimbo zitatha, akukulunga mawaya, bamboyo anali adakali pomwepo, manja kumbuyo.

"Mumakonzekera kuti nyimbo zanuzi?"

Mphunzitsi anaseka. "Paliponse pamene sanatithamangitse. Kugalaja kwanga aneba anadandaula. Tinayesa kushopu kwa mnzathuyu, koma pakati pa nyimbo pamalowa munthu wofuna kumetedwa, iyeyu n'kusiya timitengo kutenga makina."

"Kasitomala ndi kasitomala," anatero wometa.

Mwini sitolo anagwedeza mutu movomereza, kenako anati, "Kuseri kwa sitolo kuli chipinda chosungira katundu. Matiresi ali khoma lonse, phokoso silingatuluke. Lachitatu tikatseka, bwerani. Koma musaike makapu pa matebulo."

Anapitadi. Chipindacho chinkanunkhira matabwa ndi vanishi. Masofa okutidwa ndi pulasitiki anali ataimikidwa m'mizere, ndipo mawu ankamveka ofewa ngati munthu wawafunditsa bulangete. Bamboyo anakhala pakona ndi kabokosi kakuda pamiyendo. Tsiku loyambalo sanakatsegule. Anangomvetsera, n'kutseka zitseko atamaliza.

Lachitatu lotsatira anabwera ndi akazi ake, ndipo kabokosi kanatsegulidwa. Lipenga linali litapukutidwa mpaka kuwala. Analiika pamlomo, natukumula masaya. Mawu amene anatuluka anali ngati a mbuzi yopanikizidwa pachitseko.

Onse anayang'ana pansi. Namwino analuma mlomo. Koma mayiwo anaphulika chiseko, nagwera pa sofa, pulasitiki ikulira pansi pawo. Bamboyo anawayang'ana mwaukali, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka, mpaka nayenso anaseka, chiseko chachikulu chimene aNabesi sankaganiza kuti munthuyo ali nacho.

"Milomo yaiwala," anatero akupukuta m'maso.

"Ikumbuka abwana," anatero aNabesi. "Ine ndiyenda pang'onopang'ono, inu muzingonditsata."

Anayamba kudina zingwe, mawu amodzi amodzi, kusiya mpata waukulu pakati. Lipenga linalowa monjenjemera, linaphonya, linabwerera, kenako linagwira njira. Sizinali zokoma kwenikweni, koma inali nyimbo, ndipo anaifikitsa kumapeto. Mayiwo anali atasiya kuseka, dzanja lili pachifuwa.

Masiku ano bandiyo ili ndi anthu asanu. Bamboyo amaimba nyimbo ziwiri zokha, chifukwa akuti mpweya ndi wa munthu wamkulu. Amafika woyamba, atamanga tayi, n'kukhala pambali kudikira nthawi yake, lipenga lili pamiyendo. Namwino akamuitana, amakwera pa siteji mosamala, n'kuweramira anthu ngati ali m'holo yaikulu, ndipo ana amene amathamanga pakati pa matebulo amaima kuti aone masaya ake akutukumuka.