Pampu ya Petulo ya Amuna Anga

Amuna anga anatisiya mu Januwale, mvula ili pakati, ndipo sanapite kumanda pa galimoto yawo monga anandipemphera. Papita zaka zitatu koma mtima wanga sunazizire. Akumpingo andiuza kangapo kuti ndikhululuke, ndipo ndimawayankha kuti ndamva.

Galimotoyo ndi pikapu yakale ya ku Falansa, yomwe anaigula kwa mlimi wina wa fodya tisanakwatirane. Ine ndinkaphunzitsa ku pulayimale pafupi ndi Nsaru, iwo anali makanika wa pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba yathu. Kwa zaka zoposa makumi atatu pikapuyo inanyamula chilichonse: mabelo a fodya, mtedza, amayi oyembekezera, akwati, koma makamaka maliro. Kuchokera kwathu mpaka ku Kabudula, munthu akamwalirira kuchipatala, uthenga unkafika pakhomo pathu usanafike kwa achibale ena. Amuna anga ankangopukuta manja n'kuliza galimoto.

Za kalabu zinabwera atamera kale imvi. Tsiku lina ali pa Msundwe, bambo wina wa m'tauni anaizungulira pikapuyo katatu, kuigwiragwira, kenako n'kuwauza kuti kuli kalabu ya eni magalimoto akale ndipo iwo akusowa kumeneko. Bambo ameneyo ndiye anali wapampando. Mamembala ambiri anali a m'tauni, ena opuma pantchito za m'maofesi, ena eni makola a nkhuku cha ku Mpingu. Ankakumana Loweruka loyamba la mwezi pa bwalo lina pafupi ndi Namitete.

Ndinapitako kangapo, ndipo ndinaona zinthu. Azibambo akuluakulu atavala zipewa zofanana, maboneti ali yasa, onse atawerama kusuzumira m'mainjini ngati mukuphikidwa ndiwo. Ankatha ola lathunthu akukangana za chogwirira chitseko, kuti kodi n'chochokera kufakitale kapena n'chongotola. Mawu awo aakulu anali akuti olijino. Chinthu chikapezeka kuti si olijino, ankachiyang'ana ngati ntchentche yagwera mu tiyi. Akatopa ankaotcha nyama, kujambulana, kupukuta pomwe apukuta kale. Kamodzi pachaka ankayenda ulendo wa mndandanda mu msewu wa ku Mchinji, apampando patsogolo.

Sindinganame, amuna anga ankasangalala nazo. Kumudzi ankatchedwa amakanika basi, koma kukalabu ankawatcha ainjiniya, ndipo ankabwerako mapewa atakwera. Nawonso anthu aja ankawafuna, chifukwa ambiri mwa iwo ankadziwa dzina la chitsulo chilichonse koma sipanala sankadziwa kuigwira. Pakhomo pathu panasanduka chipatala cha magalimoto awo. Ine ndinkawaphikira tiyi n'kuwapatsa mipando yabwino ya m'nyumba, moti lero ndikakumbukira ndimadziseka ndekha.

Mu Seputembala, kutatsala masiku anayi kuti ayende ulendo wa pachaka uja, pampu ya petulo ya galimoto ya apampando inafa. Galimoto yawo ndi yakuda, yonyamula anthu okhaokha, koma fakitale yake ndi imodzi ndi yathu ndipo mainjini ndi ofanana. Anaikoka mpaka pakhomo pathu, nkhope ili yakugwa. Amuna anga anayang'ana pampuyo, anapukusa mutu, kenako anatembenukira ku pikapu yawo. Ndinadziwiratu zomwe ankaganiza.

"Nanga wina akadwala m'mudzi muno?" ndinawafunsa.

"Ndi masabata awiri okha, amayi. Yawo aitanitsa kunja."

Anamasula pampu m'pikapu ndi manja awo n'kuimanga m'galimoto ya apampando. Ine ndemwe ndinagwira mbale ya mabawuti. Gasiketi, kapepala kokhuthala kotchinga kuti mafuta asadonthe, anaidula pa chikuto cha kope lakale la ana asukulu, monga ankachitira nthawi zonse. Ku ulendoko iwo anapita atakwera m'galimoto ya eni, yawo itatsala pansi pa mango.

Masabata awiri aja anakhala mwezi. Mu Okutobala amuna anga anayamba kutupa miyendo, ndipo kuchipatala anati ndi impso. Ndikaimba foni kwa apampando, yankho linali limodzi, lakuti pampu yatsopano ili m'njira. Njira yake sindikudziwa kuti inkadzera kuti. Chakumapeto kwa Disembala, ndikuwamwetsa phala m'chipatala, amuna anga anakankha supuni n'kunena kuti, "Ndanyamula anthu ambiri pa galimoto ija. Ine musandikweze pa lole ya eni. Kuchoka pakhomo kukafika kumanda, mundikweze pa yanga." Ndinawakalipira kuti asiye kulankhula zopanda pake. Anandiyang'anitsitsa mpaka ndinavomera.

Atamwalira, ndinauza alamu anga, mng'ono wawo wa malemu, kuti aimbire apampando n'kuwafotokozera zonse, za pampu ndi za lonjezo lija. Apampando anayankha kuti tisadandaule, kalabu ikonza zonse. Ndinakhulupirira. Alamu anapopa matayala a pikapu, anatchajitsa batire, anatsuka kumbuyo konse n'kuisiya ikudikira.

Tsiku loika maliro, mvula inali itagwa m'mawa ndipo kumwamba kunali kudakali bii. Cha m'ma naini koloko ndinamva mainjini. Ine ndinali m'nyumba pa mphasa, pambali pa bokosi, amayi akumpingo atandizungulira akuimba. Anandiuza kuti afika magalimoto asanu ndi anayi, onse ali phuliphuli, tinsalu takuda titamangidwa ku magalasi. Anawaimika pamzere m'mbali mwa msewu n'kutsegula maboneti onse, akuti ndiwo ulemu wawo kwa membala akamwalira. Anthu ena okhuza maliro anadzuka pasiwa kukaonerera.

Patapita nthawi alamu analowa, anagwada pafupi nane n'kunong'ona.

"Alamu, akuti sizitheka."

"Sizitheka chiyani?"

"Pampu ija ikadali m'galimoto mwawo. Ndi imene abwera akuyendera. Akuti sangamasule."

Namfedwa satuluka m'nyumba bokosi lisanatuluke, zimenezo ndimazidziwa kuyambira ndili mtsikana. Koma ndinaimirira. Amayi ena anandigwira chitenje, ndinawachotsa manja. Nyimbo inadukira pakati. Ndinadutsa pabwalo wopanda nsapato, anthu onse maso ali pa ine, mpaka ndinafika pa galimoto yakuda ija. Boneti inali yotsegula, ndipo pampu ya amuna anga inali pomwepo, yopukutidwa bwino.

Apampando anavula chipewa. "Amayi, pepani ndi zovutazi. Tataya munthu wofunika."

"Bambo, ndabwerera pampu."

"Amayi, yatsopano ija mpaka pano sinafike."

"Sindikufunsa yatsopano. Ndikufuna ya eni ake, iyi ndikuionayi. Ola limodzi lokha. Tikaika maliro muitenganso, mudzabweze tsiku limene mukufuna."

Anakanda m'mutu. "Vuto ndi gasiketi, amayi. Tikamasula ing'ambika, ndiye olijino yake simungaipeze m'dziko muno. Ine ndibwerera bwanji kutauni?"

"Gasiketi imeneyo anadula ndi amuna anga pa chikuto cha kope, ine ndikuona. Makope ndili nawo ambiri m'nyumbamo. Ndikudulirani ina pompano."

Pamenepo ndinaona chinthu chomwe chimandinyansa mpaka lero. Munthu uja sanachite manyazi ndi maliro. Anachita manyazi chifukwa anzake amva kuti m'galimoto mwake muli chikuto cha kope. Anacheuka uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Zimenezo tisakambe pano, amayi. Komanso mumvetse. Lamulo la kalabu limati pa maliro a membala galimoto ya wapampando ndiyo imatsogolera mndandanda. Tinakumana dzulo, tinagwirizana kale momwe tiyendere. Ndikachotsa pampu, atsogolere ndani? Tabwera kudzawalemekeza malemu, eti?"

"Kodi malemuwo anakupemphani mndandanda?"

Ndinatembenukira kwa enawo, anthu omwe anamwa tiyi wanga, omwe magalimoto awo anagonapo pansi pa mango wathu. Ndinati, chabwino, mmodzi wa inu aikoke ndi chingwe. Onse anazyolika. Wina anati kalachi yake ndi yofooka. Wina anati bampa yake ingapindike, ndipo anachita kundionetsa ndi chala pomwe ingapindikire. Ndinawauza mawu omwe sindingalembe pano, ine mayi wa mpingo, abusa ali chapafupi. Sindinabweze ngakhale limodzi.

Alamu anayesa nzeru ya kumudzi, yomangirira chigubu cha petulo padenga kuti mafuta azitsika okha ndi paipi. Amalume awo a malemu ataona, anakana kwamtuwagalu, anati petulo salendewera pamwamba pa bokosi. Anthu anayesa kukankha, koma matayala anatitimira m'matope tisanatuluke ndi pakhomo pomwe, ndipo njira ya kumanda imadutsa padambo kenako n'kukwera. Adzukulu anatumiza uthenga kuti m'manda mwayamba kulowa madzi. Mvula inayamba kuwaza. Akuluakulu anabwera kudzaima patsogolo panga, akudikira ine. Za ng'ombe ndinaziganiza mochedwa, madzulo, kuti tikanamanga ziwiri n'kuikoka. Zimenezo zimandiwawa pandekha, ndipo sindingazikankhire kwa wina.

Ndinagwedeza mutu. Malemu anawanyamula pamapewa.

Bokosi litatuluka, linadutsa pambali penipeni pa pikapu yawo itatitimira pamenepo. Kumbuyo kwathu magalimoto asanu ndi anayi aja analira onse pamodzi mpaka nyimbo sinkamveka. Anatitsatira pang'onopang'ono, apampando patsogolo monga mwa lamulo lawo, wina atatulutsa foni pawindo akujambula. Mndandanda umene anaukakamira chotero unayenda kuchoka pakhomo pathu kufika pa chigayo. Munthu utaima pakhonde pathu chigayocho umachiona. Pamenepo msewu wa miyala umatha ndipo panali chithaphwi. Galimoto yakuda inaima, ena onse anaima pambuyo pake. Analiza mahutala katatu, ndipo ife tinapitirira wapansi.

Kumanda anafikako awiri okha mwa iwo, atapinda mathalauza. Apampando anatsala kuyang'anira magalimoto. Tikubwerera tinapeza onse atapita, akuti amathawa mvula isanawononge msewu. Patapita sabata, wina anandionetsa zithunzi zomwe anaika pa gulu lawo la pafoni. Zinali zokongola kwambiri, magalimoto ali pamzere, tinsalu takuda, mitambo kumbuyo. Pansi pake analemba kuti kalabu yaperekeza mnzawo mwaulemu. Pikapu sinaoneke pa chithunzi chilichonse.

Anthu ena amati ndimakulitsa nkhani, munthu wakufa sadziwa chomwe wakwera. Mwina n'zoona. Koma ine ndinavomera ali moyo, akundiyang'ana, ndipo ndine ndinatsala ndi mawu amenewo. Amuna anganso ndimawakwiyira, ndinene zoona. Anapereka pampu kwa anthu ongowatcha ainjiniya, ine nditakana. Masiku ena ndimawakalipira mokweza ndikusesa pansi pa mango paja.

Pampu yathu ija inabwera mu Malichi. Apampando sanabwere nayo okha, anapatsira dalaivala wa minibasi ya ku Nsaru. Inali m'katoni, yokulungidwa m'nsalu yoyera, pamodzi ndi kakhadi kothokoza banja la malemu chifukwa cha mtima wothandiza. Kakhadiko ndinakolezera moto. Katoniyo ndinaiponya pansi pa bedi, ndipo inakhala pamenepo mpaka mvula itatha. Mwezi wotsatira anatumanso munthu kudzafunsa ngati ndingagulitse pikapu kwa membala wina, kuti isawonongeke ndi dzuwa. Munthuyo sindinamupatse ndi mpando womwe.

M'mawa wina mu Meyi, chimanga chitauma m'minda, ndinatulutsa katoni ija. Batire ndinali nditatchajitsa dzulo lake. Ndinatenga kope lakale, lumo ndi sipanala ya amuna anga. Sindine makanika, koma zaka makumi atatu ndikugwira mbale ya mabawuti sizinapite pachabe. Ndinafuna kudziwa chinthu chimodzi, choncho ndinavula wotchi n'kuiika pamwamba pa batire. Ndinadula gasiketi, ndinamanga mabawuti awiri, ndinalumikiza mapaipi awiri. Ndinathira petulo pang'ono m'kabuleta monga ankachitira eni ake. Ulendo woyamba inangotsokomola. Wachiwiri inalira.

Ndinayang'ana wotchi. Zinali mphindi makumi awiri.

Sindinauze munthu. Kuyendetsa anandiphunzitsa kalekale, ndipo manja anakumbukira okha. Ndinatuluka pakhomo, ndinadutsa pa chigayo, anthu akuimirira kundiyang'ana. Padambo panali pouma. Ndinakwera kamtunda kaja mpaka pomwe mitengo ya kumanda imayambira, n'kuima pamenepo, poti kumanda salowako munthu yekha popanda chilolezo. Injini ndinaisiya ikulira. Ndinayang'ana pagalasi, kumbuyo kunali kopanda kanthu, ndipo ndinalira kuposa momwe ndinalirira tsiku la maliro, ndikumenya chiwongolero ndi manja onse awiri.

Kuchoka pakhomo kufika pamenepo ndinayenda mphindi zisanu ndi ziwiri. Amuna anga anapempha zokhazo.