Kabotolo ka apongozi

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza ndili pa kabaza. Ndinkapalasa njinga pa Chileka, ndipo tsiku lina ndinakweza mayi wina wa zaumoyo amene anandiuza kuti a kafukufuku ku chipatala chachikulu m'tauni akufuna munthu wodziwa midzi ya kuno. Ndinapita, anandilemba. Ku Lirangwe, kumene ndinali pa chikamwini, ndinangonena kuti ndayamba ntchito ya ku labu. Zoti ntchitoyo inali yotolera chimbudzi cha anthu ndinazimeza.

Mwana akapezeka ndi kachilombo ka salimonela m'magazi, ine ndinkapita kwawo ndi bokosi la ayezi, magolovesi, timabotolo tokhala ndi kasupuni pa chivindikiro, ndi timitengo ta thonje kunsonga. Thonjelo ndinkapukutira pa thabwa lodulirapo nyama, m'ndowa ya madzi akumwa ndi pa zitosi za nkhuku. Kenako aliyense wa pakhomopo ndinkamupatsa kabotolo kake. Zonse zinkayenera kukafika ku labu tsiku lomwelo, ayezi asanasungunuke.

Bwana wanga anali Mayi Kamwendo, munthu wosazungulira. "Salimonela amene tinamuzolowera amalowa ndi chakudya, munthu n'kutsegula m'mimba masiku angapo, basi," anandiuza tsiku loyamba. "Koma tizilombo tikamaswana, chibadwa chake chimatha kusintha. Wosinthayu amadutsa m'matumbo n'kukalowa m'magazi a mwana wofooka, ndipo mankhwala akale aja sawamva. Wamkulu amatha kukhala naye osadwala." Lamulo lawo linali lakuti munthu wamkulu aliyense ndimufotokozere ndekha, avomere ndi pakamwa pake.

Ndiye anadwala Tadala, mwana wa mlamu wanga Esinati. Thupi linkangotentha, mankhwala a malungo osathandiza, mpaka anamugoneka m'tauni. Mkazi wanga anapita kukathandiza mng'ono wakeyo kudikirira. Magazi ataonetsa salimonela, Mayi Kamwendo anandipatsa bokosi. "Ndi kwanu, njira mukuidziwa."

Ndinati, "Mayi, pakhomopo pali apongozi anga aakazi."

"Manyazi anapha Lambe," anatero. "Mwanayo akatuluka akabwerera pakhomo pomwepo. Tikapanda kudziwa kumene kachilomboka kakukhala, mudzabwera nayenso."

Chikwatirire, ine ndi apongozi tinali tisanalankhulanepo maso ndi maso. Nkhani zonse zinkadzera mwa mkazi wanga, ndipo tikakumana pa njira ndinkapatukira m'chimanga. Koma iwo ndi amene ankaphikira Tadala ndi kumudyetsa mayi ake akapita ku geni. Kuwadumpha kunali kosatheka, ndipo wotuma panalibe.

Ndinayamba ndi nkhuku. Sindikhulupirira kuti pali munthu anasamalapo zitosi za nkhuku ngati ine tsiku limenelo. Alamu anga aamuna anandipeza nditawerama m'khola, n'kuseka mpaka kugwira nthiti. "Alamu, labu yake ndi imeneyi?" Ndinawapatsa timabotolo tawo, kuseka kunatha.

Apongozi anali kuseri kwa mpanda, akusenda chinangwa. Ndinanjuta kuno kwa mpandawo, nkhope nditalozetsa kwina, n'kuyamba kulubwalubwa kuti a chipatala akupempha zija, za kuseri zija.

"Lankhulani, bambo," anatero. "Zija ziti?"

Ndinalitchula liwulo. Chimbudzi chanu, mayi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Ndinafotokoza zonse mmene anandiphunzitsira. Mpeni unasiya kulira pa chinangwa.

"Mukuti chimene chagoneka mdzukulu wanga chingakhale mwa ine, ndili gwa chonchi?"

"Zimatheka, mayi."

Kenako anati, "Ikani kabotoloko pa mtondo apo, muchokepo."

Nditabwerera ndinapeza kabotoloko atakakulunga mu kansalu koyera, kochapa bwino. Ndikukaika mu ayezi, ndinamva mawu awo kuseri kuja. "Chikapezeka mwa ine, musadzatume mkazi wanu. Mudzandiuze nokha."

Chinapezekadi. A ku labu atayerekeza kachilombo ka m'magazi a Tadala ndi ka m'kabotolo ka apongozi, anaona kuti n'kamodzi, kosintha komwe kaja. Amene anapatsira mnzake sakanadziwika, ndipo ndinawauza zimenezo pamodzi ndi zotsatirazo, nditanjuta pa mpanda. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndiye nditani kuti ndisamuphe?"

Pakhomopo tonse tinkasamba m'manja m'beseni limodzi, akulu poyamba, ana pomalizira m'madzi akuda. Ndinawauza kuti besenilo lileke, aliyense azisamba ndi sopo, madzi ochita kuthiriridwa, makamaka pochokera ku chimbudzi ndi asanagwire chakudya cha mwana. Anatuluka kuseri kwa mpanda, n'kutambasula manja awo patsogolo panga. Ndinagwada, ndikuwathirira madzi a mu jagi, aliyense akuyang'ana kumbali kwake.

Tadala anachira ndi majakisoni, anabwera kunyumba, ndipo sanadwalenso matenda amenewo. Ntchitoyo ndinaigwira zaka zingapo, koma manyazi sanandichoke. Pakhomo lililonse pamene pali mayi wachikulire, lilime linkalemera chimodzimodzi. Ndinangophunzira kuti manyaziwo ndi katundu wanga, woti ndisenze ndekha, osati kumusenzetsa mwana amene ali pa bedi.