Pansipansi ndi Galimoto ya Apongozi Ake

Mwamuna wa mdzukulu wanga ndinayamba kumudziwa mapazi, nkhope pambuyo. Tsiku limene mtsikanayu anandilozera kuti, "Agogo, ndi uyo," ine ndinangoona nsapato ziwiri zakutha zitasuzumira kunsi kwa lole. N'chifukwa chake anthu a mumsewu wa galaja yake amamutcha Pansipansi. Dzinalo silinandisangalatse. Munthu wokhala tsiku lonse kumene maso safika, ungadziwe bwanji zimene manja ake akuchita?

Mbiri yake ndinaifufuza ndekha, sindinadikire kuuzidwa. Analeredwa ndi azakhali ake, mayi wogulitsa matayala akale pafupi ndi pokwerera basi. Sukulu anapita nayo patali ndithu, koma mtima wake unali ku zitsulo. Anagwirapo ntchito m'magalaja a eni, kenako n'kupeza kamalo kakekake kuseri kwa sitolo ya penti: denga la malata, dzenje lolowamo pokonza galimoto, ndi mpando wozula m'minibasi wokhalapo alendo. Mowa samwa, ndinafunsa. Mkazi wina alibe, ndinafunsa kwa anthu osiyanasiyana, ena odana naye. Koma kusapeza chilema sikunandikhazike mtima pansi. Ndinangoti ameneyu ndi katswiri pobisa.

Amene anamukaniratu anali mwana wanga wachisamba, bambo wake wa mtsikanayu. Iyeyu ali ndi galimoto yaikulu, zija zazitali miyendo zosaopa matope, ndipo amaipukuta kuposa nkhope yake. Pofuna kutseka pakamwa pa mwana wake, anaipereka kamodzi kwa Pansipansi kuti asinthe oyilo. Sipanapite nthawi yaitali, kanyali kofiira kochenjeza za oyilo kanayamba kuphethira, injini n'kumalira ngati makina osokera amene aiwalidwa mafuta.

"Mwaona amayi?" anatero mwana wanga. "Munthu wandiphera galimoto, ndimupatsenso mwana? Akwawo asayerekeze kuponda pakhomo pano."

Mtsikana analira mpaka maso kutupa. Pansipansi anatumiza mawu kuti pampu ya oyilo ndi imene ikufooka, amulole atsegule, ndipo ngati vutolo lachokera m'manja mwake adzavomera pamaso pa onse. Mwana wanga anayankha mwamwano kuti, "Atsegule. Zikapezeka kuti ndi iye, nkhani ya ukwati ithere m'dzenje lake lomwelo." Pampu yatsopano anagula yekha, chifukwa sanafune kuikiridwa yakale yopaka penti. Koma kuntchito sakanajomba. Ndiye ine ndinati ndipita, ndikakhale maso ake.

Ine ndakalamba ndi singano m'manja. Ana anga anaphunzira ndi makina anga osokera, ndipo mpaka lero palibe mwana kapena mdzukulu wanga amene amayenda ndi kampango kogula. Ndimawasokera ndekha, n'kupinda m'mphepete ndi ulusi wofiira, msoko wokhotakhota umene wina sautha. Choncho za injini sindizidziwa, koma dzanja lachinyengo ndimalizindikira. Telala wakuba nsalu ndi makaniko wakuba chitsulo, mayendedwe a zala zawo ndi amodzi.

Ndinafika m'mawa, pampu ndili nayo m'bokosi. Pansipansi anatuluka m'dzenje, napukuta mpando uja ndi mkono wa ovolosi yake.

"Khalani apa agogo. Katunduyo ndilandire?"

"Ayi, akhala pamiyendo panga mpaka nthawi yake." Ndinatulutsa ulusi wofiira kuti ndimange pa pampuyo, ikhale ndi chizindikiro changa.

"Agogo, mangani bokosi lokha. Ulusi ukalowa mu injini tilira tonse."

"Ukuopa chizindikiro?"

"Ndikuopa ulusi, agogo. Inuyo ndiye ndimakuopani kale."

Sindinaseke. Ndinakokera mpando m'mphepete mwa dzenje, ndinavala magalasi.

Anayamba ndi kukhutulira oyilo m'beseni, wakuda bii. Kenako anachotsa chitsulo chotchinga kumimba kwa galimoto. Anandifotokozera kuti kunsi kwa injini kuli chibeseni chosungamo oyilo, amachitcha sampu, ndipo pampu sungaifike chisanachoke chimenecho. Koma pa galimoto zazitali ngati iyi sampu imapanikizidwa ndi chitsulo cha matayala akutsogolo, ndiye anamasula pamene injini imakhalira, n'kuikweza pang'ono ndi jeke. Ndinasendera pafupi poona injini ya mwana wanga ikutukuka.

Chimene chinandidabwitsa ndi katoni. Anajambulapo maonekedwe a sampu, ndipo bawuti iliyonse akaimasula ankaibaya pakatonipo, pamalo ake enieni.

"Zimenezo n'zoti undionetse kuti ndiwe wadongosolo?"

"Ayi agogo, mabawuti ena ndi aatali, ena aafupi. Mukasokoneza mumaboola pena. Si monga mabatani a malaya, lalikulu silipita pakhosi?"

"Za mabatani zisiye, si zako."

Ine maso anali pa katoni, kuti bawuti isasowe ngakhale imodzi. Atamasula onse anamenya sampu pang'onopang'ono ndi nyundo ya labala mpaka inamatuka, naitsitsa ndi manja awiri ngati mbale ya msuzi wotentha. Pamenepo munthu amene ankaimba kamluzu m'mawa wonse anangoti zii. Anawalitsa tochi m'mwamba, pa kachitsulo kooneka ngati sefa ya tiyi, kamene pampu imayamwira oyilo. Ndinaona zala zake zikusolola chinthu chakuda, chofewa. Anacheuka pang'ono kuti aone ngati ndikuyang'ana, ndipo dzanja linalowa m'thumba la kumanja.

Mtima wanga unati, ndakugwira.

"Tuluka m'dzenjemo."

"Agogo, ndingomaliza..."

"Ndati tuluka. Khuthula thumba."

"Ndi zinyalala chabe."

"Zinyalala zimasungidwa m'thumba kwanu? Kwathu timataya. Bweretsa kuno."

Anaima ngati mwana wogwidwa ndi shuga kukamwa. Kenako anaika m'dzanja langa kansanza konyowa ndi oyilo, kotafunidwatafunidwa. Nditakatambasula, chala changa chinakhudza m'mphepete mwake, ndipo ndinazindikira ndisanaone n'komwe. Msoko wokhotakhota. Wanga.

Ndinkadziwa kuti mdzukulu wanga anamupatsa munthuyu kampango kamodzi, poti kanasowa m'nyumba ndipo mtsikanayo ankangoyang'ana kudenga ndikafunsa.

"Iwe! Mwana wa eni akupatsa kampango ka chikondi, iwe n'kukagwetsera mu injini ya bambo ake, lero ukufuna kubisa umboni? Ndiye mwana wanga amanena zoona!"

Anangopisa m'thumba la pachifuwa natulutsa kampango koyera, kopindidwa bwinobwino, kosaonetsa kuti kanapukutapo kanthu. Kanali ka mdzukulu wanga.

Ndinamuuza andithirire parafini m'chitini. Ndinachapa kansanza kaja ndekha, ndikufinya, ndikuchapanso, mpaka mtundu unayamba kuoneka: timizere tobiriwira topingasana. Nsalu imeneyo ndinaidula ku malaya a malemu amuna anga, ndipo ndinasokera munthu mmodzi yekha, mwana wanga wachisamba, kuti aziyenda ndi fungo la bambo ake.

Ndinakhala pansi.

"Kanalowamo bwanji?"

"Chotsekera pothirira oyilo n'chatsopano, agogo, si chimene ndinatseka ine tsiku lija. Ndikuganiza kuti anawonjezera oyilo paulendo, chotsekera n'kutayika, ndiye anatseka ndi kampango kuti afike. Ambiri amatero. Injini inakakoka, n'kukatafuna, zidutswa n'kudzatseka sefa. Pampu yakhala ikuyamwa mphepo mpaka kupsa."

"Ndiye umabisiranji? Si chimenechi chikuyeretsa dzina lako?"

Anayang'ana nsapato zake zija. "Bambo akachita manyazi pamaso panga, mwina mwana adzandipatsa, koma sadzadyanso nane mbale imodzi. Ndimafuna ndinene kuti pampu yatha yokha."

"Akakana? Akati ndiwe?"

"Ndipirira. Mwina mtima wawo udzatsika."

"Ndiwe chitsiru," ndinatero. "Ukanataya mdzukulu wanga chifukwa cha kansanza." Koma ndinamasula bokosi lija n'kumupatsa pampu ndi manja anga.

Ntchito yotsalayo ndinaiyang'anabe, musaganize kuti ndinagona. Anatsuka sefa mpaka kuwala kumadutsa. Anapala sampu, kuchotsa zomatira zakale zonse, naitsuka, n'kundionetsa mkati mwake kuti ndipisemo chala. Pampu yatsopano anaithira oyilo isanalowe, akuti isayambe ntchito ndi kukhosi kouma. Mabawuti anabwerera kuchoka pakatoni imodziimodzi, akumanga modumphadumpha, uku ndi uku, kuti sampu ikhale mofanana. Katoni inatsala yopanda kanthu. Atathira oyilo watsopano n'kuliza injini, kanyali kofiira kanayaka kamphindi n'kuzima, ndipo phokoso lija silinamvekenso.

Mwana wanga anafika dzuwa litapendeka, tayi ali pakhosi, makiyi a kuofesi akuwazunguza pachala.

"Ndiye wapeza chiyani, bwana makaniko?"

"Pampu inatha, bambo. Ndaika yatsopano ija."

"Inatha? Zaka zonsezi osatha, n'kudikira iwe uigwire? Ukundiyesa mwana eti? Amayi, ndinakuuzani kuti anthu awa..."

Pansipansi anangoweramitsa mutu, manja kumbuyo. Ndinamulola mwana wanga ayankhule pang'ono, kuti ndione ngati mnyamatayu angasinthe mawu moto ukamufika. Sanasinthe. Ndiye ndinaimirira, ndinapita pafupi ndi mwana wanga, msana nditalozetsa kwa makaniko, n'kumufumbatitsa kansanza kaja.

"Pukuta thukuta, mwana wanga. Wayankhula kwambiri."

Anatsegula dzanja. Anayang'ana timizere tija, anayang'ana ine. Pansipansi nthawi imeneyo anali atatembenuka, akupukuta sipanala imene inali yoyera kale.

Pobwerera kunyumba tinayenda mtunda wautali, injini ikungong'ung'udza bwinobwino. Kenako mwana wanga anati, "Ndinkayesa kanagwera panjira."

"Kanagwera m'mimba."

"Iyeyo wakaona?"

"Ndi amene wakatulutsa. Anakabisa m'thumba kuti iwe usachite manyazi, ndachita kumulanda. Iwe umafuna kumumana mwana chifukwa cha kampango kako komwe. Malaya a bambo ako n'kukhala chotsekera oyilo!"

Anatsokomola. Titafika pageti sanatsike msanga. Anagwira chiwongolero n'kunena, osandiyang'ana, "Mumuuze mdzukulu wanuyo kuti akwawo a mnyamatayo akhoza kubwera."

"Pakamwa uli napo. Ukamuuze wekha."

Anakamuuza yekha, ndipo kukuwa kwa mtsikanayo kunamveka mpaka kwa aneba.

Lero Pansipansi ndi wathu. Galaja ikadali yomweyo kuseri kwa sitolo ya penti, kungoti anawonjezera mpando wina, wa ine. Galimoto ya apongozi ake salola kuti wina aigwire, ndipo awiriwo amadya mbale imodzi, nkhani ya kampango osaitchula. Akabwera kudzandiona ndimamulonjera kuti, "Amuna anga mwabwera? Mkazi mnzangayo akukusamalani?" Iye amati, "Akuyesetsa, koma msoko wake sufika pa wanu." Pakamwa pake ndi pokoma, ndipo ine munthu wa pakamwa pokoma ndimamuyang'ana kawiri.

Aliyense wonena kuti mdzukulu wanga anakwatiwa ndi munthu wa zala zakuda adzandipeze, ndimuyankhe. Zala zimenezo zinali zokonzeka kusenza mlandu wa eni kuti mwana wanga asagwe nkhope. Komabe sindinaiwale liwiro limene dzanja lija linalowera m'thumba. Munthu wodziwa kubisa chabwino angabisenso china. Choncho tsiku lina atabweretsa ovolosi yake kuti ndiike chigamba pabondo, ndinaika chigambacho, kenako ndinatenga ulusi wofiira n'kusoka thumba la kumanja, kulitsekeratu. Anaivala, dzanja n'kukanika kulowa. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Mpaka lero sanalisule.