Wailesi Imene Inandimanga ku Mburuma

Linali Lachinayi, folo koloko masana, mu Okutobala wa 1996, pamene apongozi anga anandipeza kuseri kwa khola la mbuzi nditatsegula wailesi ya malemu amuna anga.

Amuna anga ankakonza mawailesi a boma ku Luangwa. Akaweruka ankaimika nsungwi yomangirira mawaya, n'kumasaka mawu a Arasha amene ankazungulira dziko m'chombo cha kumwamba. Chombocho chikamadutsa, phokoso la mu wailesi linkatha, munthu n'kulankhula pang'ono, kenaka zii. Ine ndinkagwira nsungwi n'kumaitembenuza momwe andiuzira. Chilankhulo chawo sitinkachimva, koma amuna anga ankaseka, amvekere mnzathu uja lero ali ndi chimfine.

Atamwalira ndinatuluka m'nyumba ya boma n'kupita kwawo ku Mburuma. Mkazi wamasiye sabwerera kwa makolo ake abale a mwamuna asanamusudzule. Abalewo anali atalonjeza kuti andisudzula mvula isanagwe.

Lachinayi limenelo ndinangofuna kumva zimene tinkamva tili awiri. Nthawi yodutsa chombo sindinkaidziwa. Ndinangolumikiza batire n'kuimika nsungwi, ndipo chinadutsadi. Mawu a mwamuna wa m'chombomo anatuluka apongozi ataima kumbuyo kwanga ndi mtolo wa nkhuni.

"Mukulankhula ndi yani, mpongozi?"

Ndinafotokoza za chombo ndi za Arasha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwana wanga ndiye ankaitana anthu amenewo," anatero. "Lero akuitana inu. Sanakulekeni."

M'mawa mwake akuluakulu anakhala pansi. Panalibe wokalipa. Anati mkazi amene mzimu wa mwamuna ukumutsatabe sangasudzulidwe, angakalowetse imfa kumene akupitako. Ndinapempha kuti atsegule wailesi amve okha. Alamu anga anaitsegula, iwo eni atagwira nsungwi. Tinadikira mpaka batire inatha. Munali phokoso lokhalokha. Akuluakulu anati zaoneka poyera: malemu amalankhula nsungwi ikakhala m'manja mwanga.

Wailesiyo anakaikwirira pafupi ndi manda.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Alongo anga ankabwera pa njinga kuchokera ku Katondwe kudzanditenga, n'kumabwerera okha. Kuthawa sindingathe, chifukwa kwathu palibe amene angandilandire ndisanasudzulidwe. Apongozi sandizunza. Ndikadwala amandiphikira phala.

Ndikadali ku Mburuma. Ndimalima munda wa apongozi, ndimaweta mbuzi zawo, ndipo chaka chilichonse tikakolola ndimapita kwa alamu kukafunsa ngati akuluakulu akhalenso pansi.