Ine Kumanja, Khoma Kumanzere

Tinanyamuka ku Utale m'mawa kukuzizira, nyengo yothyola thonje, zaka zija zoyenda ndi khadi la chipani m'thumba. Ndinapita kukatenga amalume anga, Che Amadu, mlongo wawo wa mayi, omwe anakhala zaka zambiri kuchipatala cha odwala khate. Masisitere anati achira, sangapatsirenso munthu. Koma nthendayo inali itatenga zake. Kudzanja lamanja kunatsala chala chachikulu ndi zitsa, ndipo mapazi sankamva minga.

Katundu wawo anali sutikesi yamalata, mkeka wopemphererapo, kapu yawoyawo ndi ketulo yaing'ono. Ine ndinanyamula zonsezo, iwo ananyamula ndodo ndi nkhani. Amalume anali munthu wolankhula, abale inu! Kuchokera kuchipatala mpaka pasiteshoni ndinali nditamva za bedi lililonse la m'wodi yawo.

Sitima yochokera ku Limbe inafika dzuwa litakwera. Tinalipira matambala makumi awiri aliyense n'kukwera kalasi ya mabenchi amatabwa. Munali modzaza, nkhuku ndi mitolo ya nzimbe mpaka pakhomo, koma titangokhala, anthu anaona manja aja n'kuyamba kusendera mmodzimmodzi. Benchi yonse inatsala yathu. Ine zinandiwawa. Amalume anangowongola miyendo n'kunena kuti ngakhale bwana wa njanji sayenda motakasuka chonchi.

Apo m'pamene anandifunsa ngati ndimadziwa kuswali, kupemphera kwa Chisilamu. Ndinaseka. Ine ndinakulira ku Limbe, ndine telala wa pakhonde la sitolo, ndipo Chisilamu changa chinali dzina la Saidi ndi kusadya nkhumba, basi. Iwo sanaseke. Anandifotokozera kuti mumzikiti anthu amaima pamzere, phewa kukhudza phewa, phazi kukhudza phazi, osasiya mpata. Kuchipatala ankapemphera okha kuseri kwa khitchini, ndipo pomaliza swala, pamene munthu amatembenukira kumanja ndi kumanzere kupereka salamu, iwo ankalonjera mulu wa nkhuni ndi mbuzi za masisitere. Tsopano akubwerera kwawo kwa Kalembo, ndipo chimene chinkawasowetsa tulo si njala kapena munda, koma mzerewo.

"Ndikaima, anthu akasendera ngati m'sitima muno, sindidzapondamonso," anatero. "Ndiye ndaganiza chonchi, mphwanga. Ndikaima kumapeto kwa mzere wam'mbuyo. Kumanzere kwanga khoma, kumanja iwe. Palibe amene akavutike."

Kale malo awo anali kutsogolo, kumbuyo kwenikweni kwa imamu wotsogolera swala, pambali pa Che Mdoka, mkulu wina yemwe anasiyana naye atakangana chifukwa cha mbuzi imene inadya nandolo. Anati ameneyo ndiye adzayambe kutseka mphuno. Ndinavomera ntchito yokhala khoma lachiwiri, koma ndinawauza kuti mutu wanga ndi wouma. Anati tili ndi tsiku lathunthu, ndipo kumbuyo kwa imamu munthu amangotsata, bola asakhale ngati chitsa anzake akawerama.

Mpaka ku Balaka anandibwereza mawu achiarabu, achidule okhaokha, oyambira, a powerama ndi a pogwetsa nkhope pansi. Lilime langa linkapunthwa ngati makina opanda mafuta. Mayi wina wogulitsa chinangwa pabenchi ya kutsogolo, atatopa kumva ndikuphonya mawu amodzimodzi, anatembenuka n'kunditchulira bwinobwino, kenaka anabwerera kudengu lake.

Tinatsika ku Balaka dzuwa lili paliwombo. Pachipata cholowera kudepoti kunali ayufi akuona makhadi a chipani. Langa analitembenuza uku ndi uku. Amalume anatulutsa lawo ataligwira ndi zitsa zija n'kulitambasula mwaulemu, koma mnyamatayo anabisa manja kumbuyo n'kuti tidutse msanga. Titapitirira amalume anandinong'oneza kuti khadilo linali la chaka chatha. Khate nalo lili ndi ubwino wake, anatero.

Tinamwa tiyi ndi mandasi, iwo m'kapu yawo ija, kenaka tinatunga madzi pampopi wa pasiteshoni n'kupita kuseri kwa shedi ya katundu. Phunziro la wuzu, kusamba kokonzekera swala, linachitikira pamenepo. Ine ndinkathira madzi a m'ketulo, iwo n'kumasamba: manja, m'kamwa, m'mphuno, nkhope, mikono mpaka m'zigongono, kupaka kumutu ndi m'makutu, pomaliza mapazi. Pamapazi anachedwa. Ankapenda chidendene, pakati pa zala, pansi ponse, ndipo anazula kaminga komwe sanakamve polowa. Anandiuza kuti anzawo ambiri anaduka miyendo chifukwa cha tizilonda tosaoneka, koma iwo kusamba mapazi kasanu patsiku kunkawaonetsa chilichonse chisanakule. Ndinayang'ana mapazi aja, oyera, osang'ambika, ndipo ndinachita nawo ulemu munthuyu.

Anayala mkeka moyang'ana kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa, n'kundiimika kumanja kwawo. Kuima ndinaima bwino. Kuwerama, manja pamawondo, msana wowongoka, ndinakhoza. Tsoka linandipeza pogwetsa nkhope pansi. Buluku langa linali lothina, la fasho ya mutauni, losoka ndekha. Chipumi chitangogunda dothi ndinamva phwee! kumbuyo. Amalume sanagwedezeke n'komwe. Anapitiriza mpaka kukhala pansi, anakweza chitsa cha mkombaphala pamene ena amakweza chala, anapereka salamu kumanja ndi kumanzere, kenaka anaseka mpaka misozi. Anati Mulungu waona ntchito ya manja anga. Ndinasolola singano yomwe ndimabaya pakolala n'kusoka nditafunda mkeka wawo m'chiuno.

Basi ya ku Mangochi inanyamuka mochedwa, itadzaza ogula nsomba ndi madengu awo opanda kanthu koma onunkha usipa. Kondakitala analandira ndalama za tonse awiri kudzera m'manja mwanga. Tinadutsa minda ya thonje yoyera mbee, milambe ikuluikulu, ndipo pamphambano ya kufupi ndi Liwonde tinakhotera kumpoto. Msewu unali wa mabampu, moti mawu amene ndinkaloweza ankatuluka oduladula. Amalume ankandiyesa mayeso mosalekeza: imamu akati chakuti, iwe utani? Ukalakwitsa, utani? Yankho la funso lachiwirili linali losavuta, ukalakwitsa usathawe, ungotsata mnzako wapambali.

Pa Ulongwe tinatsika dzuwa litapendeka. Panali mzikiti pafupi ndi msewu, anthu akulowa kuswala ya Asiri, ndipo ndinati tikayeserere momwemo. Anakana. Anati mtima sunakonzeke, ndipo kunyozedwa ndi alendo n'kunyozedwa ndi abale m'tsiku limodzi sangakwanitse. Tinapemphera awiri pansi pa mlambe, kuseri kwa msika. Ulendo uno ndinaimirira pamene ndinayenera kukhala, koma buluku linapirira. Ndinagula nthochi ndi mtedza wokazinga, ndinawasendera, tinadya tikuyenda.

Njira ya kwa Kalembo inali yafumbi, yodutsa m'minda yokololedwa. Tikakumana ndi anthu amalume ankakoka mzuli wawo kutsogolo n'kubisa dzanja m'mkanjo. Tisanalowe m'mudzi anaima padambo pomwe panali chitsime, nati tichitiretu wuzu pomwepo, kuti asakagwire chikho cha pamtsuko wa pamzikiti chomwe aliyense amatungira. Anali ataganizira zonse. Pothira madzi nanenso mantha anandigwira.

Azana yoitanira anthu kuswala ya Magharibi inamveka tili m'mbali mwa mudzi. Sitinapite kunyumba kwa achemwali awo ena komwe ankakafikira, tinalunjika kumzikiti, kanyumba ka zidina kofolera udzu. Tinasiya katundu ndi nsapato pakhonde n'kulowa anthu atayamba kale kuimirira. Munali mizere iwiri. Amalume anatsetsereka m'mbali mpaka pakhoma la kumanzere, ine ndinawamatirira kumanja monga tinapanganirana. Mitu inatembenuka. Kunong'ona kunayenda pamzere wakutsogolo, ndipo bambo amene anali kumanja kwanga anasendera pang'ono, ngakhale ine ndinalibe khate.

Imamu anayang'ana m'mbuyo n'kunena kuti tiwongole mizere, titseke mipata. Pamenepo nkhalamba ina yaitali, ya ndevu zofiirira, yomwe inaima kumbuyo kwake, inatembenuka n'kutiyang'anitsitsa. Ndinamva phewa la amalume likuuma, ndipo ndinadziwa kuti Che Mdoka ndi amenewa. Anakankha mnzawo wapambali ndi chigongono, anachoka pamzere, anadutsa pamaso pathu tonse, n'kugwira amalume dzanja. Analigwira lamanja lenilenilo, la zitsa.

"Che Amadu, mukubisala kwa yani? Malo anu ndi awa," anatero akuwakoka. "Za mbuzi ija tikambirana tikamaliza."

Wina anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Mzere wakutsogolo unafinyana, amalume analowa pakati, ndipo imamu anakweza manja n'kuyamba. Ine ndinatsala ndekha kumapeto. Ndinasendera kukhoma, bambo uja naye anasendera kwa ine mpaka mapewa athu anakhudzana, poti mpata sausiya.

Ndisaname, swala imeneyo ndinaipemphera ndi diso limodzi. Ndinawerama mochedwa, mawu a pogwetsa nkhope ndinawanena powerama, koma sindinathawe, ndinatsata wapambali. Diso linalo linali pamsana wa amalume, wofinyika pakati pa misana ina, ukutsika ndi kukwera pamodzi ndi yonse. Titakhala pansi komaliza, imamu anapereka salamu. Amalume anatembenukira kumanja, kunali Che Mdoka. Anatembenukira kumanzere, kunali munthu. Anakhala choncho nthawi yaitali, khosi lili chokhota, mapewa akugwedezeka. Ine ndinalira osabisa.

Mlandu wa mbuzi unakambidwadi pakhonde pomwepo, tikuvala nsapato, ndipo mmene ndinkabwerera ku Limbe unali usanathe. Ndinaphunzira kuswali kuti ndikatseke mpata wa munthu mmodzi, koma mpatawo anautseka ndi ena, odziwa ntchitoyo kuposa ine. Zimene ndinaphunzirazo sindinazitaye. Mpaka lero ndikalowa mumzikiti mapazi amanditengera kumapeto kwa mzere, ndipo amalume, masiku onse amene anakhala ndi moyo, ankauza anthu kuti anapita kuchipatala ndi khate, anabwerako ndi Msilamu mmodzi wa buluku long'ambika. Khoma lija linatsalira ine.