Zikhomo za M'munda wa Soya

Chimene sindiiwala ndi zikhomo zija, zoyera, zopaka utoto wofiira kumutu, chilichonse ndi nambala yake. Anazikhoma ndi alangizi atsopano a zaulimi m'munda wa amayi ku Ligowe, chaka chimene anabwera ndi mbewu yachilendo yotchedwa soya. Anati akuyesa mitundu yosiyanasiyana, mtundu uliwonse mizere yake ndi chikhomo chake.

Kwathu palibe anawakhulupirira. Masiku amenewo munthu wa boma akakhoma chinthu pamalo pako, mtima sunkakhala m'malo. Amalume ankati zikhomozo ndi malire, boma likufuna kulanda munda. Ndipo munda tinali nawo umodzi womwewo.

Nawonso alangiziwo ankachita zokayikitsa. Ankayeza msinkhu wa mbewu ndi ndodo, kuwerenga nthambi, kugwada n'kumasisita makoko aubweya aja. Mizere yaitali, yobiriwira biriwiri, ankangoidutsa. Imene inkawasangalatsa inali yaifupi, yonyozeka. "Kutalika si kubereka, mayi, muziona makoko," ankatero. Amayi ankavomera mwaulemu, koma m'njira ankang'ung'udza kuti mlimi wanji wokonda mbewu yopinimbira. Lero ndikudziwa kuti bamboyo ankanena zoona, chifukwa yaitaliyo inadzagwa ndi mvula, makoko ake owerengeka. Koma ife maso athu anali a chimanga.

M'mawa wina amalume anazula zikhomo zonse n'kuziponya m'tchire. Amayi atamva anagwira m'mutu. Kuzula chinthu cha boma kunali kuputa mavu, anthu ankatengedwa pa zochepera pamenepo osabwererakonso. Amayi anakazitola n'kuzikhomanso, osadziwa kuti chiti n'cha mzere uti.

Sabata yomweyo alangizi anabwera ndi atcheyamani a chipani kudzawaonetsa munda. Alangiziwo anaima nthawi yaitali pa chikhomo choyamba. Anayang'ana nambala, anayang'ana mbewu yaifupi inali pamenepo, kenaka anayang'ana amayi. Ndimakumbukira fungo la dothi lonyowa, ndi amayi akupotokola nsonga ya chitenje.

"Kwagwanji?" anafunsa atcheyamani.

"Mbuzi, bwana," anayankha alangizi. "Zimadzikanda pa zikhomo n'kuzigwetsa. Mayiwa pobwezera angosokoneza pang'ono."

Anazula chimodzichimodzi n'kumachikhoma pamzere wake, akuzindikira mtundu uliwonse ndi msinkhu, nthambi ndi maluwa ake.

Munda sunalandidwe. Amalume sanatengedwe, ngakhale anamwalira akunenabe kuti munthu uja anali kazitape.

Ine tsiku limenelo ndinapsa mtima. Mbuzi zathu zinali pachingwe dzinja lonse, monga za aliyense m'mudzimo, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Amayi ananditsina pantchafu mpaka misozi inalengeza. Sindinamvetse chifukwa chimene munthu wamkulu wa boma ananamizira mbuzi zathu, kapena chifukwa chimene amayi, omwe ankatikwapula tikanama, anamugwadira pomutsanzika n'kumuombera m'manja.