Anati Ndazungulira Mutu, Anafuna Kundilanda Mdzukulu

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anandigwira dzanja pamene ine ndinali nditadzitaya. Ndimuyamika chifukwa cha mpweya umene ndikupuma, komanso chifukwa cha mayi wina amene sindinkaganiza n'komwe kuti Ambuye angamutume kwa ine. Inu owerenga, ndinatsala pang'ono kulandidwa mdzukulu wanga. Ndinadwala maganizo n'kubisa, ndipo nditayamba kufuna thandizo ndinagogoda pa makomo olakwika. Pamenepo ndinalakwa. Koma zoti ndinakapezeka kwa katswiri wa zamaganizo, chimenecho sindichita nacho manyazi, ndipo sindidzapepesa kwa wina aliyense.

Ndine mayi wamasiye, ndimakhala ku Chelstone mu Lusaka, ndipo ndili m'gulu la amayi a mpingo wathu. Kwa zaka zambiri ntchito yanga m'gululi inali yosambitsa maliro. Mayi wa mpingo akamwalira, m'mawa wa tsiku loika tinkapita ku mochale ndi beseni, sopo, mafuta ndi chitenje chatsopano. Tinkamusambitsa, kumupesa ndi kumuveka yunifomu yake, uku tikuimba motsitsa mawu. Amayi ambiri ankathera pakhomo. Ine ndinkalowa osanjenjemera, ndipo anthu ankati Amake Tamala ali ndi mtima wolimba.

Kenako Tamalayo, mwana wanga mmodzi yekha wamkazi, anadwala masiku ochepa n'kutisiya. Anasiya mwana wamkazi, Taonga, asanayambe ngakhale sukulu. Mwambo wathu m'gululi ndi wakuti mayi salowa kukasambitsa mwana wake wobala yekha, amadikira panja anzake n'kumugwirira ntchitoyo. Anandiletsa, koma ine ndinakana. Ndinati ndasambitsa ana a eni ake ambirimbiri, wanga yekha ndimusiyire manja a ena? Ndinalowa, ndinamusambitsa, ndinamuveka, ndipo sindinagwetse msozi. Kumanda anthu ankanong'onezana kuti taonani chikhulupiriro.

Bambo ake a Taonga amagwira ntchito kumigodi, kutali, choncho tinagwirizana kuti mwana akhale ndi ine. Miyezi yoyamba ndinkayenda ngati munthu wabwinobwino. Koma tulo tinayamba kuthawa. Ndikadutsa pa msika wa Chelstone n'kumva fungo la sopo uja tinkagwiritsa ntchito ku mochale, mtima unkagunda ngati uthyola nthiti, manja n'kuzizira. Ndinkati ndi kuthamanga kwa magazi chabe.

Loweruka lina masana ndinkasambitsa Taonga kuseri kwa nyumba. Ndinamuuza kuti atseke maso kuti sopo asamulowe. Anatseka maso, n'kuweramitsira mutu kumbuyo, n'kukhala chete osagwedezeka. Inu owerenga, amene ndinamuona m'besenimo sanali Taonga. Ndinaponya kapu, ndinathamangira m'nyumba, n'kudzitsekera kuchipinda. Ndinkamumva akuitana kuti, "Ambuya, mwanisiya? Sopo yanilowa!" koma sindinatuluke. Amene anamutsukuluza ndi kumupukuta anali mayi woyandikana nane nyumba. Kuyambira tsikulo sindinathenso kumusambitsa. Ndinkangomupukuta ndi nsalu yonyowa, kapena kupempha mnansi uja ndikunamizira msana.

Ndinauza Mayi Zulu, mtsogoleri wa gulu lathu. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Inu Amake Tamala, amene mumalimbitsa anzanu? Salani kudya, pempherani, izi n'zakufooka chabe." Ndinasala. Ndinapemphera mpaka mawondo anachita zipsera. Sindikunyoza pemphero, ndilo linandisunga wamoyo. Koma mantha a beseni sanachoke, ndipo pamwamba pake panabwera manyazi akuti mwina chikhulupiriro changa n'chabodza.

Khomo loyamba lolakwika linali ku Kabwata. Ndinasankha kumeneko dala chifukwa n'kutali ndi anthu ondidziwa. Panali bambo wina amene anapachika chinsalu cholengeza kuti amapereka uphungu ndi kumasula omangidwa. Sindinamufunse kumene anaphunzira, ndinangokhulupirira chinsalucho. Ndinamuuza zonse m'kachipinda kake. Iye anati mzimu wa wakufa unandilowa chifukwa ndinaswa mwambo, ndipo ndibwere ku mapemphero a Lachisanu. Nditapita, anandiimika kutsogolo n'kufotokoza nkhani yanga yonse pa chinkuzamawu: dzina la mwana wanga, mochale, beseni, ndi mdzukulu wosiyidwa ndi sopo m'maso. Anthu anakuwa ndi kuomba m'manja. Ine ndinaima pamenepo ngati wovulidwa pamsika.

Ndinaiwala kuti ku Kabwata n'kumene kumakhala a Judy, alongo ake a mkamwini wanga, bambo ake a Taonga. Nkhani inawapeza sabata isanathe. Anabwera kunyumba, anakhala pampando osavula ngakhale chikwama paphewa, n'kunena kuti, "Amai, ise sitifuna ndeo. Manje mwana tizamutenga, ankale na ise. Imwe pumulani, mutu suli bwino." Ndinawayankha kuti mwana sachoka mpaka bambo ake atabwera kudzanena okha pamaso panga. Anati chabwino, abwera akapatsidwa tchuthi.

Apa ndinachita mantha enieni. Taonga ndiye Tamala yense amene ananditsalira.

Khomo lachiwiri linali ku Kabulonga, ofesi yokongola imene mwana wa mlongo wanga anandipezera pa foni. Katswiri wake anali mnyamata waulemu, wophunzira bwino, ndipo sindimunenera choipa. Koma ankalankhula Chingerezi chokhachokha. Chingerezi ndimachidziwa chogulira zinthu ndi cholankhulira kubanki, osati cholirira. Ndinkayankha mawu amodziamodzi. Nditatchula zosambitsa maliro, anafunsa mokoma mtima kuti kodi ku mochale kulibe antchito ochita zimenezo. Ndinadziwa kuti ndiyenera kuyamba kumuphunzitsa moyo wathu wonse asanafike pa bala langa, ndipo mphamvu imeneyo ndinalibe. Mtengo wakenso sukanatheka pa penshoni ya malemu amuna anga. Ndinatuluka ndikuganiza kuti zinthu zimenezi anapangira anthu a mayadi, osati ife.

Amene ananditsegula maso anali nesi wa pa kiliniki pamene ndimayezetsa magazi. Ataona kuti ndaonda anafunsa ngati ndikugona, ndipo ndinangoyamba kulira. Anatseka chitseko. Anandiuza kuti matenda amenewa amadziwika ndipo amachizika, kuti akatswiri alipo m'zipatala za boma ndi m'maofesi ena ang'onoang'ono, komanso kuti munthu ali ndi ufulu wosankha amene akumvana naye. Anandifunsa kuti ndikufuna wotani. Palibe anali atandifunsapo funso limenelo. Ndinati ndikufuna mzimayi, wachikulire pang'ono, wolankhula Chinyanja, wosunga chinsinsi, ndiponso amene saseka Mulungu wanga. Ananditumiza kwa mayi wina ku Woodlands.

Nditalowa, ndinapeza mayi wovala mpango wophimba mutu ndi khosi. Dzina lake a Halima, Msilamu, makolo ake anachokera ku Malawi. Kunena zoona ndinafuna kubwerera. Koma ndinakumbukira a Judy, ndinakhala pansi, ndipo ulendo uno ndinayamba ine kufunsa. Ndinafunsa kumene anaphunzira, anandionetsa ziphaso zake pakhoma. Ndinafunsa amene adzamve zimene ndinene. Anati palibe, pokhapokha moyo wanga kapena wa mwana utakhala pangozi, ndipo ngakhale apo adzayamba wandiuza ine. Ndinafunsa ngati andiletsa kupemphera m'dzina la Yesu. Anaseka n'kunena kuti, "Amayi, simunabwere kudzasintha chipembedzo. Pemphero lanu tiligwiritsa ntchito."

Nditatchula za mochale sanadzidzimuke. Anati amayi ake ankasambitsa maliro a akazi a kumzikiti kwawo, ndipo akabwerako ankakhala tsiku lonse osalankhula. Kenako anati, "Ndiuzeni mmene munamusambitsira Tamala. Yambirani pa madzi."

Inu owerenga, ndinamuuza chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu. Tsiku lija ndinanyamula fulasiki ya madzi otentha m'chikwama. Tamala kuyambira ali khanda ankadana ndi madzi ozizira, ndiye sindinafune kuti azizidwe. Ndinasakaniza madziwo, ndinawayesa ndi chigongono monga ndinkachitira ali wakhanda, n'kumuthira. Nditanena zimenezi ndinalira maliro a mwana wanga koyamba. A Halima sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anangondisiya ndilire mpaka ndinatopa.

Sizinathe tsiku limodzi. Anandifotokozera kuti si mzimu, koma kuti maganizo anaona chinthu cholemera kuposa chimene akanatha kunyamula, ndipo anachisunga chosaphwanya. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mantha akabwera, ine n'kumatchula mawu a salimo mumtima. Ananditumizanso kwa dokotala amene anandipatsa mankhwala othandiza tulo kwa kanthawi. Za beseni tinayamba pang'ono: kutunga madzi chabe, kenako kusambitsa Taonga mapazi mnansi wanga ali pomwepo, kenako msana. Masiku ena ndinkalephera, n'kukamuuza, n'kuyambanso. Kumutu ndiko kunali kovuta kwambiri.

Mkamwini wanga anabwera ndisanafike pamenepo. Tinakhala pabalaza Lamlungu masana, iye, a Judy, ine ndi mchimwene wanga amene ndi malume a malemu Tamala. A Judy, amene anali atamvanso kumene ndimapita, anafotokoza zonse, n'kuwonjezera kuti, "Manje bayenda na kuli ba Muslim ku Woodlands, ku ba dokota ba ofunta, ba misala. Mwana azakula bwanji apa?"

Mchimwene wanga ankafuna kukana kuti zimenezo n'zabodza, koma ndinamugwira mkono. Ndinati n'zoona zonse. Ndinamusiya mwana m'beseni. Ndimadwala, ndipo ndimapita kwa katswiri, ndipo sabata yamawa ndipitanso. Ndinati lero ndimamusambitsa thupi lonse kupatula kumutu, kumeneko amanditsukira mnansi wanga ine nditaima pafupi, ndipo sindinama kuti ndachira pamene ndikadali m'njira. Ndinawafunsa kuti kodi woopsa ndani kwa mwana, gogo amene akudziwa bala lake n'kumalimanga, kapena gogo amene amamwetulira ku tchalitchi akuola m'kati? Za Chisilamu ndinati munthu uja wa m'Malemba amene anamanga mabala a wovulazidwa pamsewu sanali wa mpingo wake, a mpingo wake anamulambalala.

Mkamwini anati mwana akhale pano, a Judy azimutenga pa tchuthi, ndipo ngati zinthu zitavuta ndinene msanga. Ndinalonjeza. A Judy anatuluka osatsanzika. Ndikuperekeza mkamwini pa geti, anaima n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amai, naine sinigona kuchokera pa maliro. Ofesi ija ili pati?"

Ku gulu la amayi ndinaima Lachinayi lina n'kunena poyera kumene ndimapita. Ndinatulanso ntchito yosambitsa maliro mpaka mtima utandilola. Ena anakhumudwa, ena mpaka lero amanong'ona ndikamadutsa kuti Amake Tamala anabwerera m'mbuyo. Anene. Ambuye wanga analira pamanda a bwenzi lake anthu akuona, ndipo mneneri uja atatopa n'kupempha imfa pansi pa mtengo, Mulungu sanamudzudzule, anamupatsa chakudya ndi tulo. Ine sindingakhale wolimba kuposa iwo.

Inu owerenga, chimene ndimanong'oneza nacho bondo ndi miyezi imene ndinataya ndikubisa, komanso kuti ndinathawira kutali kwa munthu wosamudziwa chifukwa choopa maso a anansi. Manyazi ndiwo ananditengera pa chinkuzamawu chija. Ngati tulo takuthawani, ngati pali chimene munaona ndipo chikukana kuchoka m'maso mwanu, yambirani pa kiliniki ya kwanu komweko, mufunse amene amathandiza za maganizo. Mukamupeza, mufunseni mafunso musanatsegule mtima wanu: anaphunzira kuti, chinsinsi chanu achisunga bwanji, ndipo ndalama zake muzikwanitsa kapena akulozereni kwina. Katswiri weniweni sakwiya ndi mafunso amenewo, ndipo sasandutsa misozi yanu chionetsero. Funani amene mungalire pamaso pake m'chilankhulo chanu. Woyamba akapanda kukuyenerani, si inu mwalephera, pitani kwa wina. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha akufikirani, musadikire Lamlungu, uzani munthu ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Pempherani mukuyenda. Wina akakuuzani kuti kutero n'kusowa chikhulupiriro, mupatseni moni waulemu, inu n'kukwera basi yanu.

Mulungu amene amaona zobisika akuchotsereni manyazi amene si anu. Akutsogolereni ku khomo loyenera, akupatseni munthu wa makutu oleza ndi pakamwa posunga, ndipo akubwezereni tulo tanu. Ana amene anaikidwa m'manja mwanu akulire pa miyendo yanu mwamtendere. Chisomo chake chikhale ndi inu nonse. Ameni.